Oximeter ya pa chala ndi yothandiza, koma ili ndi zofooka zake

Pa zipangizo zomwe anthu ankalimbirana kugula nthawi ya COVID-19, oximeter, kachipangizo koyezera okosijeni m'magazi, ndi imodzi mwa zochepa zomwe sizinali kutaya ndalama. Matendawa amatha kutsitsa okosijeni m'magazi munthu asanayambe kubanika, ndipo kachipangizoka kamaonetsa zimenezo msanga. Kamapanira chala, n'kuonetsa manambala awiri: SpO2, yomwe ndi okosijeni, ndi kugunda kwa mtima. Ambiri amasokoneza awiriwa, n'kuchita mantha ataona 72 pomwe ndi mtima chabe.

Pumulani mphindi 5 musanayeze, lowetsani chala chapakati mpaka kumapeto, dzanja likhale phee pa tebulo, mudikire mpaka nambala itakhazikika. Munthu wabwinobwino amapeza SpO2 ya 95 mpaka 100. Ikatsika kufika 92 kapena kuchepera apo, pitani kuchipatala osazengereza.

Vuto lake n'lakuti kamayeza ndi kuwala kodutsa m'chala. Chala chozizira, utoto wa pa zikhadabo, kunjenjemera kapena mabatire a AAA ofooka, zonsezi zimapotoza nambala. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi khungu: mu 2021 bungwe la FDA la ku America, loyang'anira zakudya, mankhwala ndi zipangizo zachipatala, linachenjeza kuti pa khungu lakuda kachipangizoka kakhoza kulakwitsa, ndipo nthawi zambiri kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni. Choncho wodwala akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, musamusunge pakhomo ngakhale nambala ikuti 96.

Pogula, sankhani oximeter yoonetsa kamzere ka kugunda kwa mtima. Kamzereko kakamaduka-duka, yezaninso pa chala china.