Makalasi a chemistry a Loweruka ku Kamuzu Road: kodi ndalama yake ikupindula?

Pafupi ndi Kamuzu Road kuno ku Salima pali aphunzitsi ena amene amaphunzitsa chemistry Loweruka m'mawa, ndipo makolo ambiri amafunsa ngati ndalama imene amalipiritsa ikugwirizana ndi zimene ana amatolako. Mphwanga amaphunzira kumeneko, choncho ndinapempha kukhala nawo pa phunziro la mphamvu imene imalowa ndi kutuluka pamene zinthu monga mchere zikupangika. Maganizo anga ndi akuti ndalamayo sikupita pachabe, ngakhale zofunika kukonza zilipo.

Aphunzitsiwa sakhutira ndi yankho loloweza lija lakuti popanga mchere sodium imapereka elekitironi imodzi kwa chlorine chifukwa zonse zimafuna maelekitironi 8 kunja kwake. Iwo amapita pa bolodi n'kuwerengera limodzi ndi ana. Kuti mole imodzi (muyezo wa kuchuluka kwa maatomu) ya sodium isanduke mpweya pamafunika 107 kJ (kJ ndi muyezo wa mphamvu), kuchotsa elekitironi kumadya 496 kJ, kulekanitsa maatomu a chlorine kumadyanso 122 kJ, pamene chlorine ikalandira elekitironiyo imabweza 349 kJ zokha. Pofika apa ana amaona okha kuti 376 kJ zalowa osabwerera, kutanthauza kuti kupatsana elekitironi pakokha sikungapange mchere wokhazikika. Mphamvu yeniyeni imatuluka pamene maayoni a sodium ndi a chlorine, ndiye kuti maatomu amene ataya kapena kulandira elekitironi n'kukhala ndi chaji cha magetsi, akokana n'kundandalikana kukhala mibulu yolimba, chifukwa pamenepo pamatuluka pafupifupi 787 kJ, imene amaitchula kuti lattice energy, ndipo mukachotsera zolowa zija mumatsala ndi 411 kJ zotuluka. Anayerekeza ndi munthu wopikula usipa ku Senga Bay, amene amayamba walowetsa mpamba ndi ya thiransipoti, phindu n'kukaliona atagulitsa ku Lilongwe. Njira yowerengerayi ndi ya Max Born ndi Fritz Haber, ya mu 1919, ndipo imatsamira pa lamulo la Hess la mu 1840, lakuti mphamvu yonse imakhala yomweyo kaya mwadzera njira iti.

Zipangizo ali nazo zochepa, koma amazigwiritsa ntchito mwanzeru. Patebulo pawo pali timipira tadongo tofiira ndi toyera toimira maayoni a mumchere, tolumikizidwa ndi timitengo ta machesi, kamodzi kalikonse ka mkati kozunguliridwa ndi 6 ta mtundu winawo. Atasuntha mzere umodzi pang'ono, tofiira tinayang'anizana ndi tofiira tinzake, kenaka anaphwanya mbulu wa mchere ndi kumbuyo kwa sipuni, ndipo mtsikana wina anayankha yekha kuti maayoni ofanana akayandikana amakankhana, n'chifukwa chake mchere umaphwanyika m'malo mopindika. Anafotokozanso bwino chifukwa chimene mchere umasungunukira pa moto wa 801°C pamene magnesium oxide imafuna kupitirira 2,800°C: maayoni ake ndi aang'ono ndipo iliyonse ili ndi chaji cha 2, motero amakokana mwamphamvu kwambiri.

Chimene chinandidandaulitsa ndi liwiro lawo pa zizindikiro za + ndi −. Apa ndi pamene ana ambiri amasochera, koma iwo anangodutsapo ngati aliyense akudziwa kale kuti mphamvu yotuluka imalembedwa ndi −, ndipo m'makope a ana awiri oyandikana nane ndinaona 349 itaphatikizidwa m'malo mochotsedwa. Sapereka manotsi osindikiza, choncho amene wakopera molakwa amapita nazo kunyumba. Chipinda nachonso n'chamalata opanda siling'i, ndipo ndi kutentha kwa kuno, ikamakwana 10 koloko ana amakhala atatheratu.

Mwana wa Fomu 4 amene akudziwa kale mmene maayoni amapangikira, kapena amene akukonzekera maphunziro a sayansi ku yunivesite, apindula kwambiri. Amene maziko ake ndi ofooka ayambe wapempha gulu laling'ono, ndipo makolo aziona kope lake akabwerako, makamaka pa zizindikirozo.