Anki pa maphunziro a udokotala: imasunga bwino zimene mwamvetsa, koma imafuna malipiro tsiku lililonse

Zimene wophunzira udokotala waphunzira m'chaka choyamba zimadzafunika patapita zaka zitatu kapena zinayi, ali chiimire pambali pa bedi la wodwala. Brachial plexus, gulu la mitsempha (nerves) yochokera m'khosi kupita kumkono, ija anaijambula kambirimbiri pokonzekera mayeso a anatomy imadzafunidwa tsiku limene kwabwera munthu wothyoka mkono, dzanja likungolendewera osatha kulidzutsa. Pofika nthawi imeneyo ambiri amakhala ataiwala kalekale. Anki ndi pulogalamu ya makhadi a mafunso yopangidwira kuthana ndi kuiwala kotereku, ndipo pa ntchito imeneyi ndi yabwino zedi, moti wophunzira aliyense wa chaka choyamba ayenera kuiyesa. Koma sikhululuka. Ochuluka amene amaisiya sikuti inawalephera, amaisiya makhadi atawakwirira, ndipo kawirikawiri gwero lake limakhala manambala awiri kapena atatu amene sanawasamale poyamba.

Anaipanga ndi Damien Elmes ndipo inatuluka mu 2006. Pa kompyuta ya Windows, Mac kapena Linux ndi yaulere, AnkiDroid ya pa Android nayonso ndi yaulere, pamene AnkiMobile ya pa iPhone ndi iPad ndi yogula kamodzi kokha. AnkiWeb, imene imalumikiza foni ndi kompyuta, salipiritsa. Kuwerenga makhadi sikufuna intaneti, imangofunika polumikiza zipangizozo. Samalani pofufuza pa foni, chifukwa pali mapulogalamu ena a mayina ofanana ndi Anki amene si ake ndipo salumikizana ndi AnkiWeb.

Khadi lili ndi funso kutsogolo ndi yankho kumbuyo. Mumawerenga funso, kuyankha mumtima, kuonetsa yankho, kenako n'kudziweruza nokha podina limodzi mwa mabatani anayi: Again ngati mwalephera, Hard ngati mwakhoza movutikira, Good ngati mwakhoza bwinobwino, Easy ngati linali losavuta n'komwe. Pulogalamu imawerengera tsiku lodzakuonetsaninso khadilo kuti libwere mutatsala pang'ono kuliiwala. Khadi latsopano limabweranso pakatha mphindi 1, kenako mphindi 10, kenako mawa lake. Kuchokera apo, nthawi iliyonse imene mwadina Good mpata umachulukitsidwa ndi 2.5: masiku 3, kenako cha m'ma 8, kenako cha m'ma 20, mpaka kufika miyezi. Kawerengedwe kameneka kanachokera ku SM-2, imene Piotr Woźniak anakonza mu 1987 pa pulogalamu ya SuperMemo.

Khadi latsopano lililonse ndi ngongole. Mumalitenga lero m'masekondi ochepa, koma mudzakhala mukulibweza kwa miyezi. Anki imabwera itaikidwa pa makhadi atsopano 20 patsiku, ndipo malangizo a eni ake amanena kuti amene akutenga 20 tsiku lililonse ayembekezere kubwereza makhadi pafupifupi 200 patsiku. Ngati khadi limatenga masekondi 10, imeneyo ndi theka la ola ndi mphindi zochepa, ntchito yotheka. Vuto ndi lakuti sabata yoyamba imanyenga. Zobwereza zimakhala zisanachuluke, munthu amamaliza msanga n'kuona ngati 20 ndi ochepa, n'kukweza kufika 60 kapena 80. Pakatha mwezi akupeza makhadi 600 kapena 800 akumudikira m'mawa uliwonse, maola awiri athunthu asanatsegule buku. Akajomba masiku atatu chifukwa cha mayeso a phunziro lina, nambala ija yadutsa 2,000, ndipo ambiri amathera pomwepo.

Pali nambala ina imene imabisa vutoli. Malire a makhadi obwereza amabwera ali pa 200 patsiku. Ngati oyenera kubwerezedwa ali 350, pulogalamu imakuonetsani 200 n'kunena kuti mwamaliza, pamene 150 akuunjikana kuseri tsiku ndi tsiku. Ndi bwino kukweza malirewo kufika 9999 kuti muziona kukula kwenikweni kwa ntchito, n'kumachepetsa ntchitoyo kudzera ku makhadi atsopano okha. Makhadi akaunjikana kale, ikani atsopano pa 0, muzibwereza a tsikulo n'kuwonjezerapo 100 kapena 150 a m'mbuyo kufikira atatha. Musafufute mbiri ya makhadi kuti muyambirenso, chifukwa ambiri mwa iwo mukuwakumbukirabe ndipo mukawakhoza pulogalamu imawapatsa mpata wautali.

Batani la Hard ndi limene limawononga anthu ambiri. Pa SM-2, khadi lililonse limayamba ndi nambala yochulukitsira ya 250%, ndiyo 2.5 ija. Kudina Hard kumachotsapo 15, kulephera khadi kumachotsapo 20, mpaka kufika pansi penipeni pa 130%, ndipo kudina Good sikuibwezera m'mwamba. Nambalayo ikafika pansi pamenepo, khadi la masiku 10 limene likanapita ku masiku 25 limangofika pa 13, ndiye limangobwerabwera ngakhale munalidziwa kale. Kuyambira pa Anki 23.10, ya m'chaka cha 2023, muli njira yatsopano yotchedwa FSRS, imene imaphunzira kuchokera ku mbiri yanu ya kukhoza ndi kulephera. Iyatseni mu Options ya deki (deki ndi gulu la makhadi), dinani Optimize kamodzi pamwezi, ndipo onetsetsani kuti foni ndi kompyuta zonse zili ndi mtundu watsopano wa pulogalamuyi. Nambala ya desired retention, yonena gawo la makhadi limene mukufuna kumalikumbukira akabweranso, isiyeni pa 90%. Wophunzira wamantha amafuna kuikweza kufika 97%, koma mipata imafupika kwambiri ndipo ntchito imakula kuposa phindu lake. Pa FSRS lamulo la Hard ndi lolimba: Hard amatanthauza kuti mwakhoza. Mukalidina pa khadi limene munaiwala, pulogalamu imawerenga kuti mukulidziwa n'kulitumiza kutali. Mukaiwala, dinani Again basi. Ophunzira ambiri angachite bwino kugwiritsa ntchito Again ndi Good okha.

Pulogalamu ingakhale yabwino bwanji, khadi loipa silingakuphunzitseni. Khadi lakuti "Fotokozani brachial plexus" ndi losayankhika, chifukwa mukakumbukira kuti imachokera pa C5 kufika T1 koma mwaiwala nthambi ziwiri, simudziwa batani loti mudine. Liphwanyeni. Fupa la humerus, la pakati pa phewa ndi chigongono, likathyoka pakati, ndi nerve iti ili pangozi? Radial nerve. Wodwalayo adzaoneka bwanji? Dzanja lolendewera pamfundo, wrist drop. Likathyoka pa surgical neck? Axillary nerve. Pa medial epicondyle? Ulnar nerve. Makhadi anayi aafupi amabwerezedwa msanga kuposa limodzi lalitali, ndipo limene lakuvutani limabwera lokha osakoka anzake.

Khadi lofunsa chifukwa limakhalitsa kuposa lofunsa dzina lokha. Kuloweza kuti mankhwala a kuthamanga kwa magazi a gulu la ACE inhibitor amatsokomoletsa ndi kwabwino, koma khadi lachiwiri lofunsa chifukwa chake, yankho n'kukhala kuchuluka kwa bradykinin, limakupatsaninso chifukwa chimene wodwala wotere amamusinthira ku losartan. Ndipo khadi lizibwera pambuyo pomvetsa. Amene akuloweza manambala a acid-base asanamvetse mmene mapapo ndi impso zimagawanirana ntchitoyo amakhoza makhadi onse, koma funso la mayeso likasintha pang'ono kalembedwe amasokonezeka.

Pa anatomy ndi histology, chida chabwino koposa ndi Image Occlusion, chimene chinalowa m'pulogalamu yeniyeni pa 23.10 pomwepo. Mumaika chithunzi cha mafupa 8 a pamfundo ya dzanja, kuphimba dzina lililonse ndi kabokosi, ndipo makhadi 8 apangika m'mphindi imodzi. Cholakwika chake n'chobisika: pakapita nthawi mumaloweza malo a kabokosi pa chithunzicho, osati fupa. Mumadziwa kuti chapamwamba kumanzere ndi scaphoid, koma pa X-ray ya dzanja lina simulizindikira. Pangani makhadi ena pa chithunzi chojambulidwa mbali ina, ena pa X-ray, ndipo chipinda chophunzirira pa mitembo musachisiye. Makhadi a cloze, obisa liwu limodzi m'chiganizo, ali ndi vuto lomweli. Chiganizo chikakhala chachitali, maso amazindikira maonekedwe ake n'kuyankha musanawerenge n'komwe.

Khadi limene mwalilephera maulendo 8 pulogalamu imalitcha leech, ndipo imatha kuliimitsa ngati mwasankha motero mu Options. Musalibwezere lili chomwecho. Nthawi zambiri limakhala likusokonezana ndi linzake lofanana nalo, monga ulcerative colitis ndi matenda a Crohn. Khadi limodzi lowaika pambali ndi pambali limathetsa nkhaniyo: woyambayo amayambira ku rectum n'kukwera mosadukiza, akukhudza chikopa cha mkati chokha cha matumbo, pamene wa Crohn amagwira paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi, amadumphadumpha malo, ndipo amalowa khoma lonse la thumbo.

Nkhani ya madeki opangidwa kale imagawa ophunzira. Yotchuka kwambiri ndi AnKing, ya makhadi oposa 30,000, yosanjidwa bwino ndi zizindikiro za mitu. Imapulumutsa maola ambiri, koma inapangidwira mayeso a ku America a USMLE, ndipo zimenezi zimaoneka paliponse. Paracetamol imalembedwa acetaminophen, adrenaline ndi epinephrine, salbutamol ndi albuterol. Shuga wa m'magazi ali mu mg/dL, ndiye amene sukulu yake imagwiritsa mmol/L ayenera kugawa ndi 18. Chachikulu ndi chakuti mankhwala oyambira kupereka pa matenda ambiri amatsatira malangizo a dziko limenelo, ndipo matenda amene amadzaza mawodi m'madera otentha sapatsidwa malo okwanira. Pa biochemistry, physiology ndi pathology deki yotere ndi yothandiza. Pa kaperekedwe ka mankhwala, pangani makhadi anu kuchokera ku malangizo a dziko lanu ndi zimene aphunzitsi anu amafunsa. Kagwiritsidwe kake koyenera ndi kuimitsa makhadi onse tsiku loyamba ndi Suspend, kenako mukamaliza phunziro la tsikulo n'kumasula a mutu umenewo okha. Amene amangoyambira pa khadi loyamba kumapita chotsika amakhala akuloweza mayankho a mafunso amene sanawamvepo.

Pali zofooka zimene ziyenera kunenedwa poyera. Maonekedwe a pulogalamuyi ndi ouma, ndipo tsamba la Options lili ndi zosankha zambiri zosokoneza woyamba kumene. Zowonjezera zotchedwa add-ons zimagwira pa kompyuta pokha, ndipo zina zimasiya kugwira pulogalamu ikasinthidwa. Kulumikiza zipangizo kumayenda bwino masiku ambiri, koma mukasintha kapangidwe ka khadi, monga kuwonjezera gawo latsopano, pulogalamu imafunsa ngati mutumize zanu ku AnkiWeb kapena mutenge za kumeneko. Mukasankha molakwika, zimene munachita pa chipangizo chinacho zimafufutika. Chizolowezi chabwino ndi kudina Sync musanayambe ndiponso mukamaliza, pa chipangizo chilichonse. Makope amene pulogalamu imasunga yokha sakhala ndi zithunzi, choncho kamodzi pamwezi tumizani zonse ndi Export pamodzi ndi zithunzi, n'kusunga fayiloyo pamalo ena. AnkiWeb si mosungira zinthu mpaka kalekale: akaunti ikakhala miyezi 6 osagwiritsidwa ntchito, makhadi ake angathe kufufutidwa.

Mayeso akayandikira, musasokoneze ndondomeko ya makhadi onse. Custom Study imapanga deki yapadera ya mutu umodzi, yoti muidutse kawiri kapena katatu sabata imeneyo, ndipo mukachotsa chosankha chakuti mayankho ake asinthe masiku obwerezera, makhadiwo amabwerera m'malo mwake osasokonezeka. Anki yokha sikwanira pa mayeso a mafunso ofotokoza wodwala, amene amafuna kusankha pakati pa matenda awiri ofanana. Amenewo amafuna kuyeserera mafunso enieni, ndipo funso lililonse limene mwalephera likupatsani khadi limodzi kapena awiri abwino kuposa a deki iliyonse ya munthu wina.

M'zaka za kuwodi kagwiritsidwe kake kamasintha. Nthawi imachepa, ndipo kufunsa mbiri ya wodwala, kumvetsera mtima, kupima mimba ndi kulankhula ndi achibale sizingalowe pa khadi. Pamenepa atsopano 5 kapena 10 patsiku ndi okwanira, ochokera pa odwala amene mwawaona tsikulo: chifukwa chimene gentamicin imafuna kuyang'anira impso ndi makutu, kapena kusintha kwa ECG potassium ikakwera kwambiri m'magazi. Khadi lotere lisakhale ndi dzina la wodwala, nambala ya fayilo yake, nkhope yake kapena chithunzi cha X-ray chokhala ndi dzina pakona. Chilichonse cholowa mu Anki chimapita ku AnkiWeb mukadina Sync, ndipo deki mukaigawira mnzanu simungaibweze.