Kamita koyezera mchere m'madzi a mjigo, patatha miyezi 14

Mnzanga wa ku Ngabu wandifunsa ngati kuli koyenera kugula kamita ka EC kaja, kooneka ngati cholembera (EC ndi nambala ya momwe magetsi amadutsira m'madzi, imene imakwera mchere ukachuluka), asanaike pampu ya sola pamjigo wake. Ndimuyankhire pano, poti takhala tikukagwiritsa ntchito pamijigo itatu ndi chitsime chimodzi kuno ku Chikwawa, komwe madzi amchere si nkhani yachilendo.

Zabwino zake sizitenga nthawi. Mabatire a LR44 tasintha kamodzi kokha, manambala amaoneka ngakhale padzuwa, ndipo kanagwerapo m'ndowa koma sikanafe.

Vuto lake kamanama, ndipo kamanamira kokusangalatsa: kamaonetsa mchere wochepa kuposa umene ulimo. Madzi akaumira pa tizitsulo tiwiri takumapeto amasiya zoyera ngati phulusa, magetsi n'kumadutsa movutikira, nambala n'kutsika. Mu Okutobala mjigo wina unawerenga 1,150 µS/cm, womwe ndi muyeso wa EC. Titatsuka tizitsuloto ndi kukonza kamitako ndi madzi oyesera a 1413 (madzi ogula amene EC yake imadziwika kale kuti ndi 1413), madzi a mjigo womwewo anapereka 1,600.

Kusiyana kotereku kumadzalitsa mbewu zolakwika. Malangizo a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, amati pansi pa 700 madzi alibe vuto, kuyambira 700 mpaka 3,000 mpofunika kusamala, kupitirira apo ndi oopsa. Nyemba zimayamba kuchepa zokolola madzi akadutsa 700, anyezi 800, chimanga 1,100, matimati 1,700. Mapira ndi thonje ndiye zolimba mtima, zimapirira kupitirira 4,000. Ndiye munthu ukaona 1,150 umati chimanga chachiwisi chitheka, pomwe madziwo ndi oti ngakhale matimati ali pamalire.

Mankhwala ake ndi khama basi. Mukayeza, tsukuluzani ndi madzi aja othira m'batire ya galimoto, osati a mjigo. Kamodzi pamwezi viikani nsonga mu viniga mphindi zisanu, tsukuluzaninso, kenaka mukonze ndi madzi a 1413. Pampu iyambe yayenda mphindi 10 kapena 15, chifukwa madzi ogona m'paipi sanena zoona za pansi. Komanso musakasiye padzuwa. Nambala ya EC imakwera ndi pafupifupi 2% pa digiri iliyonse, ndipo kamitaka kamadzikonzera kokha potengera 25°C, koma kakatentha kamachedwa kuzindikira kuti madzi ndi ozizira. Yezerani pamthunzi, dikirani nambala iime. Muyezenso kawiri pachaka, mvula ikangotha ndi mu Okutobala, popeza chitsime chosazama chimasintha kukoma madzi akatsika.

Batani la TDS, loonetsa kuchuluka kwa mchere mu ppm (mamiligalamu pa lita imodzi), lisiyeni. Kanthuka kamangochulukitsa EC ndi 0.5, ndiye pa 1,600 kamalemba 800 ppm, pamene mchere weniweni umayandikira 1,000.

Chimene sikangakuuzeni n'komwe ndi mtundu wa mcherewo. Madzi akhoza kuwerenga bwino koma ali ndi sodium wambiri poyerekeza ndi calcium ndi magnesium, zomwe akatswiri amaziyeza ndi nambala ya SAR. Pa dothi la makande ngati la ku Ngabu, madzi otere amamata nthaka: pamwamba pamauma gwa, madzi amangodikha m'mizere, mbande n'kulephera kutuluka. Apa palibe kuchitira mwina, botolo la lita imodzi lipite ku labotale musanalipire pampu.

Pomwe mtima umandiwawa ndi kwa wogulitsa. M'bokosi munali kapaketi kamodzi kokha ka madzi oyesera, ndipo kakatsegulidwa sikasungika. Anati timapaketi tina amakhala nato m'shopu. Chiyambire Novembala yankho lake ndi limodzi, lakuti katundu ali m'njira. Tinachita kutumiza munthu wochokera ku Johannesburg, ndipo timapaketi tisanu tinadya pafupifupi theka la mtengo wa kamitako.

Tsiku lija la 1,150 ndinafuna kukaponya kamitako m'Shire. Lero mtima watsika, chifukwa kanatiletsa kuika pampu pamjigo wina wa 3,400, ndalama zomwe zikanapita ndi mphepo. Ndiye achimwene, gulani, koma ndalama itulukire pamene timapaketi tisanu ta 1413 tili patebulo. Akati tibwera sabata yamawa, pitani shopu ina.