Pambuyo pa koloni, chilembo chachikulu kapena chaching'ono? APA, Chicago ndi kalembedwe ka ku Britain

Anzanga mwakhala mukundifunsa funso lomwelomweli pa WhatsApp, ndiye ndiyankhe kamodzi basi. Pa timadontho tiwiri tija, koloni, malamulo atatu a kalembedwe ka Chingerezi, a APA ndi a Chicago (onse awiri ndi a ku America) komanso a ku Britain, amagwirizana kuti kumanzere kukhale chiganizo chathunthu. "We bought: rice and beans" ndi cholakwika kulikonse, ingochotsanipo timadonthoto. Mkangano uli kumanja.

APA imati ngati chotsatira koloni chili chiganizo chathunthu muyambe ndi chilembo chachikulu, "The result was clear: The pump had failed." Chicago kale inkafuna chaching'ono pokhapokha ziganizo zotsatirazo zikhale ziwiri kapena kuposa, koma buku lawo la nambala 18 lomwe linatuluka mu 2024 linasintha, pano nawonso akuti chachikulu. Ndiye ngati mukugwiritsa buku lawo la nambala 17 la 2017 dziwani kuti likukuuzani zakale. A ku Britain, monga buku la New Hart's Rules la Oxford, amasiya chaching'ono kupatula ngati liwu lake ndi dzina la munthu kapena malo.

Chomwe chinandipweteka ine ndi ichi. Ndinalembetsa app ina yokonza Chingerezi, akuti sabata yoyamba ndi yaulere, sabata itangotha anandidula ndalama ya chaka chonse pa khadi osandichenjeza, ndalama yomwe ndimasungira kusindikiza dissertation. Ndiye poti ndalipira ndinati ndiigwiritse ntchito ndithu, ndinangodina kuvomera chilichonse yandiuza, osadziwa kuti inali pa Chingerezi cha ku America. Inasintha zilembo pambuyo pa makoloni ena, ena inasiya, colour yanga inasanduka color. Asupavaiza anabweza chaputala chachiwiri chili chofiira ndi bolopeni, pa tsamba 14 anazunguliza "The" wamkulu katatu n'kulemba m'mbali kuti ndisankhe njira imodzi. Ndinachezera usiku wonse kusaka koloni aliyense ndi Ctrl+F, mabatani osakira mawu pa kompyuta, magetsi atazima ndikupempherera batire ya laputopu.

Kwa ine ya ku Britain ndiye yabwino, ndi Chingerezi chimene tinakula nacho kusukulu ndipo sumataya nthawi kuganiza ngati chotsatiracho ndi chiganizo chathunthu kapena ayi. APA tengani ngati dipatimenti yanu yalamula, ndipo mukaitenga muitsate mpaka tsamba lomaliza. Chicago ndi yabwino kwa olemba mabuku koma buku lake ndi lalikulu zedi komanso lodula, kuligula chifukwa cha timadontho tiwiri ayi ndithu. App ija ndinaichotsa mufoni tsiku lomwelo.