Thadzi likafungatira: kuliikira mazira, kulipatsa anapiye ogula, kapena kulera ndi mbaula

Mlimi woweta nkhuku zochepa pakhomo, amene akufuna kubweretsa mtundu watsopano m'khola mwake, amakhala ndi njira zitatu pamene thadzi lake layamba kufungatira. Akhoza kuliikira mazira a mtundu umene akuufuna, akhoza kugula anapiye a tsiku limodzi n'kuwalowetsa pansi pa thadzilo, kapenanso akhoza kuwalera yekha anapiyewo ndi kutentha kwa mbaula.

Kuika mazira pansi pa thadzi ndiyo njira imene makolo athu anaizolowera, ndipo ndi momwenso ambiri amaswetsera mazira a nkhanga, omwe amatenga masiku 26 mpaka 28, pamene a nkhuku amatenga masiku 21. Ubwino wake waukulu ndi wakuti kawirikawiri thadzi silikana anapiye amene laswa lokha, chifukwa limayamba kumva kulira kwawo akadali m'chigoba. Komabe mazirawo ayenera kuchokera ku nkhuku zoyenda ndi tambala, asakhale ogonera kupitirira sabata imodzi kapena masiku khumi, ndipo ena amasukuluka ndithu. Vuto lina limene anthu salilabadira ndi lakuti ngati thadzilo lakhala kale pachisa masabata awiri, kuliwonjezera masabata ena atatu kumaliwondetsa kwambiri, popeza nkhuku yofungatira imadya ndi kumwa pang'ono.

Pamenepa ndi pamene njira yachiwiri imapambana, ndipo ine ndimaikonda kwa munthu amene akufuna anapiye osapitirira khumi kapena khumi ndi awiri, omwe thadzi limodzi lingathe kuwafunditsa. Koma njirayi ili ndi malamulo ake osafunika kuwaphwanya. Thadzi liyenera kukhala loti lakhazikikadi pachisa kwa masabata awiri kapena atatu, lija limene limatukumula nthenga ndi kujompha dzanja mukalifikira. Limene layamba dzana kufungatira kawirikawiri silikhala lokonzeka kulera. Anapiyewo asapitirire masiku awiri kapena atatu chibadwire, chifukwa akakula pang'ono samvanso kuitana kwa make ndipo sadziwa kuti kutentha kuli pansi pa mapiko, moti akhoza kufa ndi chisanu thadzi lili pomwepo. Nthawi yowalowetsa ndi usiku kukada bii, mmodzimmodzi kuchokera kumbuyo kapena m'mbali, dzanja litawaphimba kuti kujompha kugwere pa inu, kwinaku mukuchotsa mazira amene thadzilo linali kufungatira. Kuwapereka masana kumalephereka kawirikawiri, chifukwa nkhukuyo imawaona ngati alendo olowerera chisa chake.

Ngozi ya njirayi ndi yakuti palibe amene angalonjeze kuti thadzi liwalandira. N'chifukwa chake muyenera kudzuka m'bandakucha kukaona. Likamawaitana motsitsa mawu ndi kuwakankhira pansi pa chifuwa ndi mlomo, ndiye kuti zatheka, ndipo kujompha pang'ono kowalangiza kusakudetseni nkhawa. Koma likamawathamangitsa kapena kuwatulutsa magazi, achotseni nthawi yomweyo, musayembekezere kuti lisintha mtima. Choncho wosankha njirayi akonzeretu makala ndi malo ofunda usiku womwewo.

Kulera ndi mbaula kumadya ndalama ndiponso tulo. Sabata yoyamba anapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kumene kumachepetsedwa pang'onopang'ono sabata iliyonse, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi moto ukazima pakati pa usiku amaunjikana n'kupondana. Makala osayaka bwino m'chipinda chopanda mpweya wokwanira amaphanso anapiye. Ngakhale zili choncho, iyi ndiyo njira yokhayo kwa amene wagula anapiye makumi asanu kapena kuposerapo, kaya amene thadzi lake lakana. Nkhuku za Mikolongwe zogulidwa zitakula kale masabata angapo zisapatsidwe kwa thadzi konse. Wofuna mtundu umenewu kudzera mwa nkhuku yachikuda apeze mazira ake.

Pa nkhani ya chitetezo, thadzi limaphunzitsa ana kupalasa ndi kubisala likaona kabawi, zimene mbaula singachite, komanso ndi lomwelo limene limawatengera kutchire kumene akhwangwala ndi likongwe amawatha. Ndi bwino kulitsekera pamodzi ndi anapiye kwa masabata oyambirira, kutali ndi nkhuku zina, ndi chakudya cha anapiye komanso madzi a m'chiwiya chosazama. Musanalipatse anapiye, liyang'aneni ngati lili ndi nthata kapena utitiri, chifukwa tizilomboti timachuluka pachisa chofungatirira ndipo timafooketsa anapiye msanga. Njira iliyonse imene mungasankhe, funsani alangizi a ziweto za katemera wa chitopa wodonthezera m'diso, amene amabwerezedwa pakatha miyezi inayi iliyonse, ndipo thadzilo lilandire pamodzi ndi ana ake.