Galamafoni ya Audio-Technica AT-LP120XUSB ndi mbale za malemu bambo

Mbale za malemu bambo zinakhala m'sutikesi pansi pa bedi kwa amayi ku Chilomoni zaka zoposa 20. Bambo anagwira ntchito ku Kitwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi zinthu ziwiri zimene ankazinyadira: njinga yakapalasa ndi mulu wa mbale za nyimbo, zambiri zopangidwa kufakitale ya Teal ku Ndola, zina za ku Joni. Galamafoni yawo inafa ine ndili Sitandade 6. Chaka chatha amayi atanena kuti, "Katenge zimbale za abambo akozi, zikungondisungira mphemvu," ndinayamba kufunafuna makina oti ndizimverenso.

Msuweni wanga amene ali ku Johannesburg ndiye anandigulira Audio-Technica AT-LP120XUSB n'kubwera nayo pabasi, katoni yake ataikulunga m'bulangete. Ndalama yake si yamasewera, ndipo mayi a kunyumba anangoti "hmm" atamva mtengo. Tsopano yatha miyezi isanu ili pabalaza, ndiye ndingathe kunenapo.

Poyamba, ndi chinthu cholemera, pafupifupi makilogalamu 8. Maonekedwe ake anatengera Technics SL-1200, ija ma DJ akhala akuikonda kuyambira m'ma 1970. Mota yake imazunguza mbale mwachindunji, ilibe lamba woti tsiku lina adzatambasuke n'kukusowetsani mtendere pomusaka ku Limbe. Imayenda pa liwiro la 33, 45 ndi 78, ngakhale kuti mbale zakalekale za 78 zimafuna singano yakeyake imene muyenera kugula padera. Magetsi athu a 230 V imalandira popanda vuto. Ine ndinangogula kolumikizira kuti pulagi ya ku Joni ilowe pakhoma lathu la mabowo atatu amakona.

Koma musaganize kuti mukangoitulutsa m'katoni ndiye kuti nyimbo zayamba. Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo apa mpamene ine ndinadzichititsa manyazi.

Mkono umene umanyamula singano umabwera wopanda kachitsulo kake kolemera ka kumbuyo. Mumakalowetsa nokha, n'kumakapotokola pang'onopang'ono mpaka mkonowo utayandama wokha m'malere, osagwera kutsogolo, osadzuka m'mwamba, ngati sikelo ya wogulitsa nyama isanaikidwe kanthu. Ukatero, mumagwira kachitsuloko kuti kasasunthe, n'kutembenuza kamkombero ka manambala kokha kufika pa 0. Kenako mumapotokola kachitsulo konse pamodzi ndi kamkomberoko mpaka pa 2, chifukwa singano imene imabwera ndi makinawa, AT-VM95E yobiriwira ija, imafuna kukanikiza mbale ndi magalamu awiri. Ine tsiku loyamba ndinangotembenuza kamkombero kokhako kufika pa 2, kachitsulo kali pomwepo. Singano inkangotsetsereka pamwamba pa mbale ngati mwana pa simenti yonyowa, ine n'kumati andigulitsa chakufa. Ndinazindikira usiku nditawerenganso kabuku kake, nditakwiya kale. Pambali pa mkono pali kagudumu kena kakang'ono kamene kamaletsa singano kukokekera pakati pa mbale. Nako mumakaika pa 2.

Ambiri amaganiza kuti kupepuza singano ndiko kusamala mbale. Ayi. Singano yopepuka kwambiri imanjenjemera mumzere, n'kumagunda makoma ake, ndipo imawononga kuposa yokanikiza moyenera.

Cholakwa changa chachiwiri chinali kumbuyo. Mawu ochokera ku singano ndi ochepetsetsa, komanso pojambula mbale amachepetsa dala mabesi n'kukweza mawu opyapyala kuti mizere ikwane, motsatira muyezo wa RIAA, bungwe la makampani ojambula nyimbo ku America, umene unakhazikitsidwa mu 1954. Ndiye pamafunika kachipangizo kokweza mawuwo n'kuwabwezera mwakale. Galamafoni iyi ili nako kale m'kati, ndipo kuseri kuli kaswichi kolembedwa PHONO ndi LINE. Ngati ampu yanu, chipangizo chokweza mawu opita ku masipika, ili ndi bowo lolembedwa PHONO, kaswichi kakhale pa PHONO. Ngati ilibe, kapena muli ndi masipika okhala ndi ampu yawoyawo, ikani pa LINE n'kulowetsa waya pa AUX. Ampu yanga ndi yakale, ndinaigula pakaunjika wa zamagetsi, ndipo bowo la PHONO ili nalo. Ine ndinaika kaswichi pa LINE, waya n'kulowetsa pa PHONO. Mawu anakwezedwa kawiri. Chimene chinatuluka m'masipika chinali ngati chimkuzamawu cha pamsonkhano wachipani batire ikutha. Nditakonza, panatsala kulira kwapansipansi, "mmmm", kosalekeza. Kameneko kanatha nditamanga kawaya kakang'ono ka ethi kuchokera pa galamafoni kupita pa kasikuluwu ka GND kuseri kwa ampu. Kawaya kooneka kopanda ntchito, koma musakataye.

Za poika, mawu ochepa: masipika asakhale pa kabati imodzi ndi galamafoni. Anga anali pomwepo, ndipo ndikakweza voliyumu besi inkagwedeza kabati, singano n'kutola kugwedezekako n'kukubwezeranso m'masipika. Ndinawatsitsira pa timipando. Ndinabwerekanso levulo kwa aneba amene ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo tinapeza kuti kabatiyo ndi yopendekeka. Tinaiwongola ndi makatoni awiri a sopo pansi pa mwendo umodzi.

Zonsezi zitatheka, mawu ake ndi otani? Ndi oona. Sindikupeza mawu ena. Mbale yosamalika imamveka mokoma, gitala wa besi amamveka chingwe chilichonse, woimba ali pakatikati pa masipika ngati waima pabalaza pomwepo. Mbale yokalikakalika imamveka yokalikakalika ndithu. Makinawa sabisa kanthu. Zina mwa za bambo, zimene zinavinidwa kwambiri pa maukwati ndi singano yobuntha, zimathetheka ngati chimanga chokazinga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo palibe galamafoni imene ingazichize. Koma zambiri zinali zakuda chabe. Ndinazitsuka ndi madzi osungunula aja timathira m'batire ya galimoto (opanda asidi, chonde, werengani botolo), dontho limodzi la sopo wotsukira ziwiya, ndi kansalu kofewa, ndikutsatira mizere mozungulira, osanyowetsa pepala lapakati. Zina zinasintha moti sindinakhulupirire.

Fumbi ndiye mdani wamkulu kuno, makamaka Seputembala ndi Okutobala. Kansalu kaubweya koyala pansi pa mbale kamakoka fumbi, ndipo nyengo youma nthawi zina kamamatirira kumbale pochotsa. Ndimakakutumula panja Loweruka lililonse, ndipo chivindikiro chimakhala chotseka ndikakhala kuti sindikumvera. Mbale nazo muziziimika chilili ngati mabuku, kutali ndi zenera. Zitatu za pansi pa sutikesi ija zinapindika ndi kulemera kwa zinzake komanso kutentha kwa nyumba yamalata, ndipo singano imakwera ndi kutsika pamenepo ngati bwato pa Nyanja mwera ukuwomba.

Chimodzi muchidziwiretu: makinawa sadziimitsa okha. Mbali ikatha, singano imangozungulira pamzere womaliza mpaka mutadzuka kukanyamula mkono. Ine tsiku lina tulo tinandiba pampando, ndinadzidzimuka cha m'ma 2 koloko usiku ikungoti "tchi, tchi, tchi". Poti opanga amati singano yamtunduwu imafuna kusinthidwa ikatha maola pafupifupi 300, maola atatu amenewo anandiwawa. Ubwino wake, kusintha n'kosavuta: mumangosolola kobiriwirako n'kulowetsa kena, ndipo mukafuna yabwinopo, singano yofiira ya mtundu wotchedwa ML imalowa pamalo omwewo ndipo imakhalitsa. Magetsi akazima nyimbo ili pakati, woimba amatsika mawu pang'onopang'ono ngati waledzera, inu n'kumasaka kandodo konyamulira mkono ndi tochi ya foni.

Kwa munthu amene safuna za masikelo ndi malevulo, kampani yomweyi ili ndi AT-LP60X, yotsika mtengo, imene imadziyambitsa ndi kudziimitsa yokha. Ndikanakhala kuti ndikugulira amayi, ndikanatenga imeneyo. Chimene sindingalole kuti chikhudze mbale za bambo ndi tija tooneka ngati sutikesi tokhala ndi masipika m'kati, chifukwa singano zake zimakanikiza kwambiri ndipo simungazichepetse.

Zambiri za ma DJ zimene zili pamenepa, monga chosinthira liwiro ndi timadontho towala m'mphepete, ine sindizigwiritsa ntchito. Bowo la USB lokha ndiye landithandiza. Ndinalumikiza ku kompyuta, n'kujambula mbale imodzi ndi pulogalamu yaulere ya Audacity, n'kutumizira amayi pa foni ya mlongo wanga kudzera pa WhatsApp. Ndinkayembekeza misozi. Anandiimbira madzulo ake n'kunena kuti, "Imeneyo abambo ako ankaikonda okha, ine inkandisokosa. Yanga ili kuseri kwake. Itembenuze."