Thanki yanga ya mbuna ya malita 375 patatha miyezi 14: galasi lili bwino, chondisautsa ndi pampu

Mlamu wanga wa ku Nkhotakota anandiimbira foni Lamlungu lapitali. Akuti, "Alamu, thanki yanu ya nsomba ija ndikufuna nanenso ndipange. Munaonongapo zingati?" Ndinawauza kuti adikire kaye, chifukwa nthawi imene amaimbayo n'kuti ndili chogwada pabalaza, pampu ili m'manja, ndikuitokosa ndi kamtengo ka machesi kuti iyambenso kuzungulira. Yankho lake ndi lalitali, ndiye ndati ndililembe pano kuti ena alionenso.

Ndimakhala ku Senga Bay. Thankiyi sindinagule yopangapanga, mtengo wake sindikanaukwanitsa. Ndinakadulitsa galasi lochindikala mamilimita 10 ku Lilongwe n'kudzamata ndekha kunyumba. M'litali ndi masentimita 150, m'lifupi 50, msinkhu 50, ndipo imalowa malita 375. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mukaphatikiza galasi, miyala ndi mchenga mukukamba za katundu wa pafupifupi theka la tani. Patebulo la matabwa sizingatheke. Choikapo chake cha zitsulo anandiwotcherera mnyamata wina wa pa Kamuzu Road, ndipo mpaka lero sichinapindike ngakhale pang'ono.

Galasi silinadonthepo. Silikoni womatira galasiyo ndinasankha wopanda mankhwala oletsa nkhungu, poti mankhwala amenewo amapha nsomba. Nyali ya LED ikuyakabe. Mchenga ndi miyala ndinatola kumtsinje n'kutsuka bwinobwino, sindinalipire kanthu. Chotenthetsera madzi chokha ndiye ndinangotayirapo ndalama: kuno kunyanja chinagwira ntchito masiku owerengeka mu Juni ndi Julayi, nthawi ya mphepo ya mwera, basi.

Nsomba ndinagula 22, zonse mbuna, tinsomba tamitundu yowala tokhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, kwa munthu amene ali ndi chilolezo. Anyamata ena ankabwera ndi nsomba m'ndowa pamtengo wotsika, koma ndinakana. Zilumba za Maleri zimene timaziona kumwera kwathu kuno zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Nsomba ya m'ndowa sudziwa kumene yachokera, ndipo ine sindinafune kuti chokongoletsa pabalaza panga chikhale chakuba.

Tsono nkhani ya pampu. Imeneyi ndinaigula pasitolo ina ku Lilongwe, ya mtundu uja wokhala ndi chigubu cha sefa pansi pa thanki. Inandidyera ndalama zambiri kuposa galasi lonse. Miyezi itatu yoyamba inkayenda mwakachetechete, madzi ali mbee. Kenako inayamba khalidwe ili: magetsi akazima n'kuyakanso, iyo imangolira kuti ng'ung'ung'u koma kachipupa kozungulira mkati, kamene kamakankha madzi, osasuntha. Mpaka munthu atsegule, akakankhe ndi kamtengo. Ndipo magetsi athu mukuwadziwa mmene amathimirathimira.

Amene sanawetepo nsomba angaganize kuti ndi nkhani yaing'ono. Sefa sikuti imangochotsa zinyalala ayi. M'masiponji ake mumakhala mabakiteriya amene amasintha amoniya wochokera ku ndowe za nsomba kukhala naitiraiti, kenako naitireti amene poizoni wake ndi wochepa. Kuti mabakiteriya amenewa achuluke mokwanira pamatenga milungu 4 mpaka 6, ndipo amafuna madzi oyenda okhala ndi okosijeni. Madzi akaima maola ambiri m'chigubu chotseka, amayamba kufa.

Mu Novembala tinapita kumaliro ku Lifuwu ndipo tinagona konko. Kunkatentha kwambiri, madzi a m'thanki ankafika madigiri 31, pomwe mbuna zimakhala bwino pakati pa 24 ndi 28. Madzi otentha sasunga mpweya wambiri. Magetsi anazima m'mawa, anayakanso madzulo, koma pampu inangokhala ikulira usiku wonse osapopa. Titafika mawa lake ndinapeza nsomba zonse zili pamwamba, kukamwa kuli yasa, zina zitatembenuka kale. Pothamangira kupulumutsa zotsalazo ndinalakwitsanso: ndinakankha kachipupa kaja osayamba ndataya madzi a m'chigubu, ndipo madzi onunkha aja analowa onse m'thanki. Pofika madzulo zinali zitafa 7, kuphatikizapo yamphongo yabuluu ya mizere yakuda imene mwana wanga ankaikonda. Usiku umenewo ndinauza mayi a kunyumba kuti thankiyi ndigulitsa, ndipo sindinkanena mocheza.

Ndinabwerera kwa wogulitsa pampu uja. Pogula anandilonjeza pakamwa kuti ikavuta isanathe miyezi 6 adzandisinthira, koma palisiti sanalembepo. Tsopano akuti, "Bwana, vuto ndi magetsi a kwanuko, si pampu yanga." Ndinamufunsa kuti nanga ku Lilongwe magetsi sazima? Anangoseka, kenako n'kunena kuti aitanitsa kachipupa katsopano. Ulendo woyamba anati katundu ali m'njira. Wachiwiri anati ndalama zakunja zikusowa, ndipo mtengo wakwera, ndiwonjezere. Ndinawonjezera. Wachitatu anandipatsa kachipupa kamene nditafika nako kunyumba sikanalowe, kanali ka pampu ina. Ulendo uliwonse ndi makilomita oposa 100 kupita kokha. Ndalama za minibasi ndi zimene ndinawonjezera zija zafika pafupifupi theka la mtengo wa pampuyo. Chimene chimandipweteka kwambiri si kuwonongeka kwa chinthu, zinthu zimawonongeka, koma kuti munthu amakulankhula ngati ndiwe amene ukumuvutitsa.

Chimene chinapulumutsa thanki ndi zinthu zotchipa zimene ndinkazinyoza poyamba. Ndinaikamo masefa awiri a siponji oyendera mpweya, ndi kapampu ka mpweya ka mawati 5 kamene ndinakalumikiza ku batire ya sola imene timatchajira mafoni. Magetsi azime tsiku lonse, thovu limangotuluka, mabakiteriya ali moyo. Pampu yaikulu ija imadya mawati 25, amene pamwezi ndi mayunitsi pafupifupi 18, pomwe kakang'onoka sikakhudza n'komwe mita. Loweruka lililonse ndimachotsa malita 90 n'kuthiramo ena amene ndawagoneka m'diramu masiku awiri kuti klorini wa madzi a pampopi achoke. Madzi ochotsawo amapita kudimba la mpiru kuseri kwa nyumba, ndipo mpiruwo ukusangalala nawo.

Pa chakudya ndinaphunziranso movutikira. Ndinkaziponyera usipa wosinja poganiza kuti ndikusunga ndalama, ziwiri n'kutupa mimba. Mbuna zambiri kunyanja zimadya ndere za pamiyala, matumbo ake ndi aatali, sizifuna zanyama zambiri. Pano ndimagula chakudya cha spirulina, mtundu wina wa ndere, ndi kuwonjezera masamba ofutsa pang'ono, ndipo ndere za pamiyala sindizipalanso.

Mu Febuluwale ndinaona yaikazi ina yasiya kudya, kukhosi kwatupa, ikungobisala kuseri kwa miyala. Mtima unagunda, ndinati matenda aja abweranso. Ndinaiyang'anitsitsa ndi tochi, ndipo ndinaona kuti ikugubuduza timazira m'kamwa. Ife anthu a kunyanja timamva kuti chambo chimalera ana m'kamwa, koma kuona ndi maso ako, tsiku ndi tsiku, pabalaza pako, n'kwina. Inakhala pafupifupi milungu itatu osadya kanthu. Tsiku lina m'mawa inalavula tiana 14, ndipo titayandikira galasi tina tinathamangira kubwerera m'kamwa mwa make. Mwana wanga anachedwa kusukulu tsiku limenelo, ndipo sindinamukalipire. Tiana 9 takula, ndipo thanki imene ndinkafuna kugulitsa ija tsopano ili ndi nsomba zobadwira m'nyumba mwanga.

Ndiye alamu, yankho langa ndi ili. Mukandifunsa tsiku limene ndikutokosa pampu ndikuuzani kuti musiye. Mukandifunsa madzulo nyali itayaka, nsomba zachikasu ndi zabuluu zikuthamangitsana m'miyala, ndikuuzani kuti mwachedwa kale. Galasi dulitsani, zitsulo wotcheretsani kwanu komweko, chotenthetsera musagule poti ku Nkhotakota n'kotentha ngati kuno. Ndalama imene mukanagulira pampu yodula muike pa batire, kapampu ka mpweya ndi masiponji, ndipo mudikire mwezi wathunthu musanaikemo nsomba zambiri. Mukaumirira kugula pampu yaikulu, muiyese m'sitolo momwemo: aizimitse ndi kuiyatsa kangapo ili ndi madzi, muone ngati zida zake zosinthira zilipo pashelefu, ndipo lonjezo lililonse alilembe palisiti. Tiana tinayi ndakusungirani, mudzabwere ndi ndowa yotsuka bwino. Ine Loweruka likubwerali ndikupitanso ku Lilongwe ndi kachipupa kolakwika kaja, ndipo ulendo uno ndikukafuna ndalama zanga, osati lonjezo lina.